FUNSANI AKOCHI: Kuthamanga padzuwa la kunyanja kuno, nanga akatswiri amatani?

Makalata ambiri omwe afika pa WhatsApp ya tsamba lino mwezi uno ndi a nkhani imodzi basi, kutentha. Sizodabwitsa, Okutobala wafika, mwera unasiya kalekale, kuno ku Salima ikamati 8 koloko m'mawa malata amakhala ayamba kale kuthetheka ndipo a zanyengo ayambanso kuchenjeza maboma a m'mbali mwa nyanja. Ndasankhapo asanu, ena ndawadula pang'ono kuti akwane.

Akochi, ine ndi mnyamata wa zaka 22, ndimakhala pa Kamuzu Road. Ndalembetsa mpikisano wa makilomita 21 omwe uchitike konkuno kumapeto kwa mwezi wamawa, nde pali akulu ena amatiphunzitsa pagalaundi akuti kuti thupi lizolowere dzuwa tizithamanga 12 koloko masana titavala majekete, mkati titavala jumbo yapulasitiki, komanso osamwa madzi mpakana timalize, akuti anzathu a ku Kenya amatero nchifukwa chake amapirira. Ine ndayesako koma mutu umandiwawa koopsa ndipo usiku tulo sitibwera. Kodi ndi zoona akatswiri amapanga zimenezi? Nanga ife tinabadwira kotentha konkuno tikufunikanso kuzolowera chani? — Wothamanga wa pa Kamuzu Road, Salima

Achimwene, jumboyo muivule lero lomwe, ndipo madzi muzimwa. Akuluwo mwina cholinga chawo ndi chabwino, ndipo mu zomwe akunenazo muli kachilungamo ndithu, koma asakaniza chinthu chimodzi chothandiza ndi zinthu ziwiri zoti zitha kukugonekani kuchipatala olo kukuphani kumene.

Tiyambe ndi zomwe zimachitika m'thupimo. Munthu ukamathamanga, pa mphamvu zonse zomwe minofu ikuwotcha, gawo limodzi lokha mwa magawo anayi kapena asanu ndi lomwe limakupititsa kutsogolo, zotsalazo zimasanduka kutentha mkati mwako. Kutentha kumeneko kumafunika kutuluke, ndipo kunja kukakhala kotentha khomo lake lalikulu ndi thukuta. Koma apa mumvetsetse, thukuta siliziziritsa thupi chifukwa choti latuluka ayi, limaziziritsa likamauma pakhungu. Lija loyenderera mpaka kudontha pachigongono kapena kudzadza mu nsapato langotayika chabe. Zili ngati mtsuko wadothi uja wa agogo, madzi amazizira bwino chifukwa kunja kwake kumanyowa n'kumauma ndi kamphepo, mutaukulunga mupulasitiki madziwo sangazizirenso. Nde jumbo ija ikutsekereza kutentha konse mkati mwanu. Ndi chifukwa chakenso Novembala ndi Disembala amavuta kuposa Sepitembala olo madigiri atafanana, mvula ikamayandikira mpweya wa kunyanja kuno umadzadza chinyezi, thukuta limangokakamira osauma. Kuonjezera apo magazi omwe amayenera kupita ku miyendo ena amapatukira kukhungu kukataya kutentha, nde mtima umagunda kwambiri pa sipidi yomweyo yomwe mu Juni mumathamanga mukucheza ndi mnzanu.

Zimenezi sizisankha kuti uyu ndi katswiri. Mu 2019 mpikisano wa othamanga a dziko lonse lapansi unachitikira ku Doha, ku Qatar, ndipo marathon ya amayi, mpikisano wa makilomita 42, anaiyambitsa pakati pausiku pothawa dzuwa, koma olo choncho kunali madigiri oposa 32 ndi chinyezi choposa 70 peresenti. Ananyamuka amayi 68, anamaliza 40 okha, 28 anasiyira panjira ena kuchita kunyamulidwa. Ruth Chepngetich wa ku Kenya yemwe anawina anamaliza pa 2:32:43, chonsecho chaka chomwecho mu Januwale ku Dubai anali atathamanga 2:17:08. Munthu yemweyo, miyendo yomweyo, kusiyana mphindi 15 zathunthu. Wachitatu anali Helalia Johannes wa ku Namibia, mayi wa zaka 39 panthawiyo. Pa Olympics ya Tokyo yomwe inachitika mu 2021 akuluakulu anachita mantha mpaka kusamutsa marathon kupita nayo ku Sapporo, makilomita pafupifupi 800 kumpoto, komabe nako kunatentha, ya amayi anaibweza ndi ola limodzi kuti iyambe 6 koloko m'mawa, ndipo ya abambo mwa anthu 106 omwe ananyamuka 30 sanafike kumapeto. Eliud Kipchoge wa ku Kenya anawina pa 2:08:38, pomwe rekodi yake ya ku Berlin mu 2018 inali 2:01:39.

Ku Doha komweko akafukufuku anamwetsa othamanga ena timapilisi toyeza kutentha kwa mkati mwa thupi komanso anawafunsa momwe anakonzekerera, ndipo chomwe chinaoneka ndi choti omwe anayamba azoloweza thupi kutentha asanabwere anachita bwino ndipo ochepa mwa iwo ndi omwe anakafika m'manja mwa adokotala. Apa ndi pomwe akulu anu aja ali ndi mfundo. Thupi limaphunziradi kutentha. Kachitidwe kake ndi aka, kwa masiku 10 mpaka 14 munthu amachita mafizo pamalo otentha mphindi 60 mpaka 90 patsiku, pa sipidi yofatsa, kuyamba ndi zochepa. Masiku oyambirira omwewo madzi a m'magazi amachuluka, mtima umayamba kugunda modekha pa ntchito yomweyo, kenako thukuta limayamba kutuluka msanga, limatuluka lambiri komanso limakhala ndi mchere wochepa chifukwa thupi laphunzira kuusunga. Taonani bwino pamenepo, munthu wozolowera kutentha amatuluka thukuta lambiri kuposa kale, kutanthauza kuti akufunika madzi ambiri, osati ochepa. Thupi limazolowera kutentha koma silizolowera ludzu. Kudzimana madzi kumangophwetsa magazi omwewo omwe mukufuna achuluke, nde mukumanga ndi dzanja ili kwinaku mukugumula ndi linalo.

Za ku Kenya zija ndikuganiza ndikudziwa komwe zinachokera. Zithunzi za ku Iten kapena ku Kaptagat komwe Kipchoge amakonzekerera zimaonetsa anthu atavala majekete ndi zipewa, eya, koma kumeneko ndi kumapiri, mamita pafupifupi 2,400 kuchoka pa nyanja yamchere, m'mawa kumazizira kwambiri. Akuvalira chisanu. Salima ili pa mamita pafupifupi 500 basi. Alipo ndithu akatswiri a kumaiko ozizira omwe amavala zambiri dala pofuna kutsanzira kutentha, koma amatero poti kwawo kulibe dzuwa ngati lathuli, amavala nsalu osati pulasitiki, ndipo botolo lamadzi limakhala pafupi. Ena amalowa m'zipinda zomwe amachita kuzitenthetsa ndi makina n'kumathamanga pa treadmill, makina othamangirapo pamalo amodzi, ena amalowa mu sauna, kachipinda kotentha kwambiri, akamaliza kuthamanga, ndipo pa Bangor University ku Wales anapeza kuti kungoviika thupi m'madzi a madigiri 40 kwa mphindi zofika 40 ukangomaliza kuthamanga, masiku 6 otsatizana, kumathandiza thupi kuzolowera. Omwe ali ndi ndalama amangokwera ndege kukafika sabata imodzi kapena awiri mpikisano usanachitike. Anthu akulipira ndalama zambirimbiri kufuna chinthu chomwe inu muli nacho pakhomo chaulere, nde inu simukufunikanso jekete olo madzi otentha a ku Mawira ku Nkhotakota, kuonjezera moto pamoto.

Funso lanu lomaliza ndi labwino kwambiri. Kubadwira ndi kukhala kunyanja kumathandizadi, mumayambira patsogolo poyerekeza ndi mnzanu wochokera ku Dedza kapena ku Ntchisi yemwe atsike minibasi dzulo lake la mpikisano, ameneyo ndimamumvera chisoni chaka ndi chaka. Koma kukhala pashopu kukutentha ndi kuthamanga makilomita 21 kukutentha ndi zinthu ziwiri. Ngati masiku onse mumathamanga 5 koloko m'bandakucha, thupi lanu likudziwa kuthamanga kozizira. Nde pangani chonchi, zothamanga zasipidi ndi mtunda wautali uja zisiyeni m'bandakucha momwemo kuti muzitha kuzichita mwamphamvu, koma masabata awiri kapena atatu omaliza muziika kothamanga kofatsa pa nthawi yomwe mpikisanowo udzakhale ukuchitika, kaya ndi 8 kaya 9 koloko, kuyamba mphindi 20 kapena 30, n'kumaonjezera pang'onopang'ono mpaka ola. Sipidi yake yoti mutha kuyankhula. Dzuwa lili paliwombo ayi, palibe mpikisano wanzeru omwe ungayambe nthawi imeneyo. Masiku awiri atatu omaliza pumani pamthunzi, zomwe thupi laphunzira sizithawa msanga choncho, zimayamba kuchepa pakapita masabata osalawa kutentha. Patsikulo makilomita oyamba muyambe mofatsa kuposa momwe mtima ukufunira, asiyeni othamanga ngati akuthawa njuchi apite, ambiri mukawapeza pa kilomita 14 akuyenda.

Mutu ukuwawawo ndi kusowa tuloko ndi thupi likukuuzani kuti mwapyola muyezo. Pumani masiku angapo, ndipo ngati mutu sukusiya kapena thupi likutentha kayezetseni malungo musanabwerere pagalaundi. Akuluwo muwaonetse tsamba lino mwaulemu, osati mowanyoza pagulu.

Akochi zikomo chifukwa cha tsamba lanu. Ine ndi mphunzitsi ndipo ndimayang'anira zamasewero pasukulu yathu. Ana anga othamanga mitunda italiitali amandifunsa kuti amwe madzi ochuluka bwanji, ena amati kumwa madzi pothamanga kumabaya m'nthiti, ena amabwera atamwa thobwa chigubu chonse. Ine ndimangowauza kuti imwani ambiri. Ndikulondola? — Mphunzitsi wamkazi, Nkhotakota

Aphunzitsi, mukuchita bwino kuwalimbikitsa kumwa, koma mawu oti "ambiri" tiwakonze pang'ono chifukwa anthu satuluka thukuta mofanana. Ambiri pothamanga kotentha amataya lita imodzi mpaka awiri pa ola, koma alipo opyola apo, Alberto Salazar wa ku America atamuyeza pokonzekera Olympics ya 1984 ku Los Angeles anapezeka kuti amataya malita oposa 3 pa ola. Nde akatswiri sachita zongoganizira, amadziyeza. Njira yake ndi yosavuta ndipo inunso mutha, bwerekani sikelo, olo ija amayezera anthu pamsika bola ikhale yosonyeza bwino. Mwana akwere asanayambe atavala zopepuka, athamange ola limodzi, adzipukute, akwerenso. Kilo imodzi yomwe yachoka ndi pafupifupi lita imodzi ya madzi, muphatikizepo omwe wamwa panjira. Mukapanga kangapo mudziwa kuti uyu ndi wathukuta lambiri, uyu ndi wochepa. Akamaliza abweze pang'onopang'ono pa maola angapo, pafupifupi lita imodzi ndi theka pa kilo iliyonse yomwe yachoka, poti ena amatuluka ndi mkodzo.

Asanathamange amwe pafupifupi theka la lita kutatsala maola awiri kapena atatu, osati kudzadza mimba wezulo atatsala pang'ono kulira, kumeneko ndi komwe kumabweretsa kubaya kwa m'nthiti komwe akunenako. Panjira azimwa pang'onopang'ono, pa mtunda wopitirira ola akuluakulu ambiri amakwana ndi mamililita 400 mpaka 800 pa ola, ana ang'ono ochepera apo. Mpikisano wa makilomita 3 kapena 5 sufuna kumwa panjira, bola anayamba ali bwino. Ndipo muwaphunzitse kuyang'ana mkodzo wam'mawa, ukakhala woyererako ali bwino, ukakhala wachikasu choderako ngati tiyi ndiye kuti dzulo sanabweze.

Chifukwa chomwe ndikukanira mawu oti "ambiri" ndi ichi, madzi opyola muyezo nawo amapha. Munthu akamangomwa madzi okhaokha kuposa omwe akutaya, mchere wa m'magazi umachepa mphamvu kwambiri, ubongo umatupa, amayamba mutu, kusanza, kusokonezeka. Pa marathon ya ku Boston mu 2002 atayeza magazi a othamanga 488 anapeza 13 peresenti ali ndi vuto limeneli, ndipo mayi wina anamwalira nalo pa mpikisano omwewo. Kawirikawiri limagwira omwe amathamanga mofatsa kwa maola ambiri akumwa pena paliponse. Chizindikiro chophweka, munthu asamalemere kwambiri pomaliza kuposa poyamba.

Mchere nawo ndi wofunika, makamaka kwa aja malaya awo akauma amakhala ndi mizere yoyera. Mabotolo omwe mumaona akatswiri akutola patebulo pa makilomita 5 aliwonse simukhala madzi okha, mumakhala shuga ndi mchere zomwe anaziyesa kale kambirimbiri pokonzekera kuti mimba izizolowere. Ifeyo sitikufunika zodula. Thanzi ORS paketi imodzi mu lita imodzi amathandiza pobweza mwana akatuluka thukuta kwambiri, kapena lita imodzi ya madzi aukhondo, timasupuni 6 ta shuga tosadzadza mpaka pamwamba ndi theka la kasupuni ka mchere. Koma masiku wamba nsima ya usipa wothira mchere bwino ndi madzi pambali zakwana.

Thobwa ndilibe nalo vuto, ndi chakudya chabwino ndithu pomaliza, lili ndi madzi ndi mphamvu. Kungoti chigubu chonse kutatsala mphindi zochepa chimalemera m'mimba, ndipo likhale lotsekemera la lero osati logonera loyamba kusasa. M'mawa wa mpikisano phala, mbatata kapena nthochi kutatsala maola awiri atatu, zinthu zomwe mwanayo anazizolowera.

Bwana Kochi ine siwothamanga ndine wakabaza, ndimapalasa kuyambira m'mawa mpaka madzulo nthawi zina kukafika ku Senga Bay ndi kasitomala ndi katundu wake. Anzanga amamwa ma energy drink ndi bulufeni kuti thupi lisaphwanye. Nanenso ndiyambe? — Wakabaza, Salima

Amwene, mukuti siinu wothamanga koma ntchito yanuyo ndi yomweyo ya akatswiri, ndipo pa nkhani yozolowera dzuwa mwina mumaposa ambiri omwe amavala manambala pachifuwa. Vuto lanu ndi lina, inu mulibe tsiku lopuma, nde madzi omwe simunabweze lero mumadzuka nawo ngongole mawa, mkuja chimodzimodzi. Opalasa njinga pa mpikisano waukulu wa Tour de France amapalasa masabata atatu mu Julaye kukutentha, ndipo matimu awo amawayeza pasikelo ndi kuona mkodzo m'mawa ndi cholinga chomwechi, kuti asayambe tsiku ali ouma kale.

Bulufeni musayambe. Mankhwala amtundu umenewo, pamodzi ndi indosidi, amachepetsa magazi opita ku impso, ndipo thupi likakhala louma ndi dzuwa impsozo zimakhala zili kale pampanipani, nde kumwa tsiku ndi tsiku ndi kuziika pachiswe. Impso zikafa chithandizo chake ndi chovuta kwambiri kuno kwathu. Ma energy drink amangokubisirani kutopa, ludzu sathetsa bwino, ndalama imeneyo bola mugule nthochi ndi mtedza. Mangani botolo la malita awiri pa njingapo, mulikulunge ndi kasaka konyowa, muzimwa nthawi iliyonse mwatsitsa kasitomala ndipo mulidzadzenso pamjigo. Masana dzuwa likamaswa mtengo, ngati zingatheke ulendo wautali uzidikira.

Akochi ndinaona pa TV othamanga atavala mavesiti oika ayisi komanso akudzithira madzi kumutu. Koma agogo anga amati ukamwa zozizira kapena kusamba ozizira thupi lili lotentha udwala chibayo. Zoona ndi ziti? — Mtsikana wothamanga, pa boma, Nkhotakota

Asisi, agogo amakukondani nchifukwa chake akuchenjeza, koma chibayo chimabwera ndi tizilombo tolowa m'mapapo, osati madzi ozizira. Zomwe munaonazo ndi zoona ndipo sizinayambe lero. Pa Olympics ya 2004 ku Athens komwe kunatentha mpaka Paula Radcliffe wa ku Britain, yemwe anali ndi rekodi ya marathon ya dziko lonse lapansi, anasiyira panjira, Deena Kastor ndi Meb Keflezighi a ku America anavala mavesiti a ayisi podikira kunyamuka, Kastor anapata mendulo ya bulonzi, Keflezighi ya siliva. Sikuti vesiti ndi yomwe inathamanga, anali atakonzekera kutentha kwa nthawi yaitali, koma nzeru yake ndi yoti ukayamba thupi lili loziziririko umakhala ndi mpata wautali lisanafike potentha moopsa. Ena amamwa ayisi wophwanyaphwanya wosakaniza ndi chakumwa chotsekemera kutatsala mphindi pafupifupi 30, panjira amaika ayisi mu kapusi kapena thawulo lozizira pakhosi.

Inu vesiti simuipeza pa boma, koma ma freezes mulipo. Awiri musananyamuke, thawulo kapena kachitenje konyowa pakhosi mukudikira pamthunzi, ndipo kutenthetsa thupi musanayambe kukhale kwakufupi, kukatentha sipafunika kuzungulira galaundi kakhumi. Panjira madzi othira kumutu, pakhosi ndi m'mikono amathandiza, ingosamalani asalowe mu nsapato angakutulutseni matuza. Valani zoyera, zopepuka, zosathina. Ziwiri zokha ndikupempheni, muziyese kaye tsiku wamba chifukwa mimba zina zimakana zozizira kwambiri, komanso mudziwe kuti ma freezes ndi ayisiyo apangidwa ndi madzi otani, kolera ya 2022 ndi 2023 ija maboma athu a kunyanja sitinaiiwale.

Akochi ndine mayi wodandaula. Mwana wanga wa folomu 3 anagwa pa mpikisano wa masukulu omwe unayamba mochedwa cha m'ma 11, anayamba kuyenda mokhotakhota ngati woledzera kenako kuyankhula zosamveka n'kugwa. Anthu anamuunjirira, wina amamukakamiza kumwa madzi, wina amati amupatse panado, ena amati ndi zamatsenga. Mwamwayi anatsitsimuka kuchipatala. Pano akufuna kuyambiranso koma ine ndikuopa. Chinachitika ndi chani ndipo ndimulole? — Mayi wa ku Dwangwa

Mayi, pepani kwambiri, ndipo tithokoze Mulungu kuti mwanayo ali moyo. Zomwe mwafotokozazi sindingazitsimikize ndili kuno, atsimikize ndi adokotala omwe anamuona, koma zikufanana kwambiri ndi vuto lomwe kutentha kwa mkati mwa thupi kumapyola madigiri 40 mpaka ubongo kuyamba kusokonezeka. Si matsenga ndipo si ufooke. Limagwira kwambiri ana olimba mtima omwe safuna kugonja, aja thupi likuti ima iwo n'kumapitabe. Chizindikiro chachikulu ndi chomwe munaonacho, kudzandira, kuyankhula zosalumikizana, kukwiya kosadziwika bwino, kusazindikira anthu. Ndipo musamadikire kuti thukuta lisiye kaye, wothamanga amatha kukhala pangozi imeneyi thukuta lili kamukamu.

Chomwe madokotala a mipikisano ikuluikulu amatsata ndi choti kuziziritsa kumayamba pompo, ulendo wa kuchipatala umabwera pambuyo kapena nthawi imodzi, chifukwa chomwe chimaononga ubongo, chiwindi ndi impso ndi kutalika kwa nthawi yomwe thupi lakhala lotentha choncho, ndipo amafuna litsike pasanathe mphindi 30. Nchifukwa chake pomalizira marathon yaikulu pamakhala mabafa odzadza madzi ndi ayisi, munthu amamuviika mpaka m'khosi wina atagwira mutu. Kwathu kuno bafa la ayisi palibe koma ndowa, mjigo ndi zitenje zilipo. Mwana akagwa chonchi anthu apatuke kuti mphepo ipite, mumunyamulire pamthunzi, mumuvule zothina ndi nsapato, muzimuthira madzi ozizira thupi lonse osalekeza, zitenje zonyowa muzisinthasintha pamutu, pakhosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche, ena azikupiza ndi makatoni kapena chilichonse, ngati pali ayisi wa ogulitsa zakumwa mutenge yense, kwinaku wina akuthamangira galimoto, ndipo m'galimotomo kuthira madzi kusaime. Munthu wosokonezeka kapena wokomoka osamumwetsa kanthu, madziwo amalowera kumapapo, mugonekeni chammbali. Panado sagwira ntchito apa chifukwa uku sikutentha kwa matenda. Kuchipatala akayezenso malungo ndi shuga, poti kuno malungo aakulu amathanso kusokoneza mutu mofananamo, ndipo mwana yemwe ali ndi malungo, akutsegula m'mimba kapena wangochira kumene ndi amene amagwa msanga padzuwa.

Zoti ayambirenso, ine ndikuti inde, koma osati mawa. Mu Epulo 2018 pa Commonwealth Games ku Gold Coast, ku Australia, Callum Hawkins wa ku Scotland anali patsogolo ndi mphindi pafupifupi ziwiri, kutatsala makilomita awiri okha kuti awine marathon, anayamba kudzandira ngati mwana wanuyo, kugwa, kudzuka, kugwanso mpaka kumenyetsa mutu pa zitsulo za m'mbali mwa msewu, ndipo chithandizo chinachedwa anthu ena akungojambula. Mnyamata ameneyu sanasiye. Pokonzekera Doha chaka chotsatira anaika ma heater mu kashedi kunyumba kwawo n'kumathamanga pa treadmill momwemo kuti thupi lizolowere, ndipo anakamaliza pa nambala 4 pa dziko lonse lapansi.

Nde wanuyo apume osachepera sabata yathunthu osachita mafizo aliwonse, abwerere kuchipatala akamuone kaye ndipo adokotala ndi omwe anene kuti ayambe. Akaloledwa ayambe m'mawa kozizira, mtunda waufupi, aziona ngati mutu kapena chizungulire zikubwera, padutse masabata angapo asanayambe kulawa dzuwa, ndipo poyamba asamathamange yekha. Mumufunsenso bwino za tsiku lija, anadya chani, anagona bwanji, sankamva kuphwanya m'thupi dzulo lake? Nthawi zambiri pamapezeka kanthu.

Koma chomwe chandipweteka mtima mu kalata yanu ndi 11 koloko ija. Ana amafika 7 koloko, amakhala padzuwa kudikira alendo olemekezeka ndi zoyankhula, kenako mtunda wautali amauyambitsa dzuwa litakwera kale. Ngati Olympics inasamutsira marathon ku mzinda wina n'kubwezanso nthawi, ife tikulephera chani kuyamba ndi mitunda italiitali 6 koloko, zoyankhula zibwere pambuyo? Nkhani imeneyi mukaitule ku komiti ya makolo pasukulupo musanasainire mwanayo mpikisano wina, mukafunse kuti ayamba nthawi yanji, pomalizira pakhala ndowa zingati zamadzi, pali mthunzi, komanso galimoto yothamangitsira mwana kuchipatala ikhala ya ndani.